Mwavomerezedwa kukhala m'Malawi mpaka kalekale: zoyenera kuchita musanapite komanso mukafika ku ofesi ya Immigration ku Mzuzu

Ntchito yanga kwa zaka zambiri yakhala yothandiza anthu ochokera kunja amene amagwira ntchito pa bungwe lina muno mu Mzuzu kuti zikalata zawo zokhalira m'dziko muno zizikhala m'malo mwake. Chifukwa cha ntchitoyi, anthu a kumpingo, achibale ndi anansi akamva kuti mlamu wawo wa ku Tanzania, mpongozi wa ku Zambia kapena mnzawo wa ku ntchito walandira kalata yomuvomereza kukhala m'Malawi mokhazikika, amandiimbira ndi funso limodzimodzi: kodi tsopano zatha, kapena pali china chotsala? Ndalemba yankho lonse pano kuti aliyense wofunsa ndizingomutumizira.

Chilolezo chimene tikunena pano ndi chija a Immigration amachitcha Permanent Residence Permit, ndipo pakamwa aliyense amangoti PRP. Chimasiyana ndi TEP, chilolezo chogwirira ntchito kwa kanthawi chimene chimamangirira munthu kwa womulemba ntchito mmodzi, chimasiyana ndi TRP, chokhalira kwa kanthawi, ndiponso ndi BRP, cha amalonda. Zonsezi zimaperekedwa pansi pa lamulo la Immigration Act, mutu 15:03 wa malamulo a dziko lino, kudzera ku nthambi ya Immigration and Citizenship Services, imene likulu lake lili ku Blantyre. Ofesi ya ku Mzuzu ndiyo ya chigawo cha kumpoto.

Mfundo imene ndikufuna muigwire musanawerenge zina ndi iyi: kalata yokuvomerezani si chilolezocho. Kalatayo ikungonena kuti boma lavomera kukupatsani chilolezo mukakwaniritsa zotsala. Mpaka mutalipira, mutaonekera pamaso pa ofesala, ndipo chilolezocho chitalembedwa m'dzina lanu ndi pa pasipoti yanu, mukukhalabe m'dziko muno ndi mphamvu ya chilolezo chakale. Akuluakulu anati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wapachala ngwamphepo.

1. Werengani kalatayo modekha, makamaka mizere imene anthu amaidumpha.

Ambiri amawerenga mzere woyamba, n'kuona kuti avomerezedwa, n'kuyamba kuimbira abale. Khalani pansi ndi cholembera mupeze zinthu zinayi: nambala ya fayilo yanu, ndalama zimene mukuyenera kulipira ndi mtundu wa ndalamazo, nthawi imene mwapatsidwa yoti mukhale mutalipira ngati yatchulidwa, ndi ofesi imene mukuyenera kukaonekera. Nambala ya fayilo muilembe penanso, ngakhale mu foni, chifukwa ndiyo imene ofesala aliyense adzayambe kukufunsani. Chigamulo cha PRP sichipangidwira ku Mzuzu, choncho musangoganiza kuti poti munapereka mafomu kuno ndiye kuti zonse zithera kuno. Pitani kapena imbani ku ofesi ya kuno, muwerenge nambala ya fayilo, mufunse ngati gawo lomaliza lichitikira kuno kapena mukuyenera kukafika ku likulu. Ulendo wa ku Blantyre ndi wa tsiku lathunthu pa basi, si woyenda mongoyerekeza.

2. Onani tsiku limene chilolezo chanu chakale chikutha.

Apa ndi pamene anthu ambiri amapunthwa, ndipo sindinaonepo malangizo amene amaimapo mokwanira. Pakati pa tsiku lolandira kalata ndi tsiku lolandira chilolezo pamatha kudutsa masabata kapena miyezi, nthawi zina chifukwa mukusonkhanitsa ndalama, nthawi zina chifukwa mukukonza chikalata china. M'nthawi yonseyo masiku a chilolezo chakale akuwerengekabe. Chikatha musanalandire PRP, lamulo limakuonani ngati munthu wokhala m'dziko mopyola masiku, ndipo kalata yokuvomerezani ija, ngakhale ili ndi chidindo cha boma, siyiwonjezera tsiku ngakhale limodzi pa chilolezo chimene chatha.

Choncho tsegulani pasipoti lero, mupeze chidindo kapena chikalata cha chilolezo chimene muli nacho, muwerenge masiku otsala. Ngati atsala ochepa, pitani ku ofesi ndi kalatayo tsiku lisanakwane, mufotokoze kuti mwavomerezedwa koma simunamalize, ndipo mupemphe kuti akuuzeni njira yoti mukhalebe movomerezeka podikira. Chimene angakuuzeni chionekere pa pasipoti kapena pa pepala. Mawu a pakamwa akuti "musadandaule, fayilo yanu tikuidziwa" angakhale ochokera pansi pa mtima, koma wapolisi wa pa lodibuloko usiku sakhala ndi fayilo yanu, ndipo ofesala amene anakuuzaniyo akhoza kusamutsidwira ku ofesi ina mwezi wamawa.

Amene muli pa TEP muchenjere kawiri. Chilolezocho chinaperekedwa pa ntchito imene mukugwira ndi kwa bwana amene anakulembani. Ndaonapo anthu amene, atangolandira kalata, analemba yosiya ntchito poganiza kuti tsopano ndi omasuka kukayamba kwina kapena kutsegula bizinesi yawo. Potero anadzichotsera okha maziko amene ankakhalira m'dziko, chilolezo chatsopano chisanafike m'manja. Dikirani. Ntchito mudzasiya PRP ili m'pasipoti, mutawerenganso zimene ikukulolani kuchita.

Chimodzimodzinso maulendo. Kwa anthu a kuno kuwoloka pa Songwe kupita ku Kyela kapena ku Mbeya kukaoda katundu, kapena kudutsa ku Chitipa kukaona abale ku Zambia, ndi chinthu cha masiku onse, moti sichioneka ngati kutuluka m'dziko. Koma pobwerera, ofesala wa pa chipata adzakulowetsani malinga ndi zimene zili m'pasipoti tsiku limenelo. Ngati ulendo si wa maliro kapena matenda, uyembekezere.

3. Pasipoti yanu ikhale yamoyo ndipo ikhale ndi masamba.

Pasipoti yotsala pang'ono kutha kapena yodzaza ndi zidindo idzakubwezani. Onetsetsani kuti yatsala ndi miyezi yoposa 6 komanso masamba angapo opanda kanthu. Ngati ikufunika yatsopano, maofesi a akazembe ali ku Lilongwe, mtunda wa makilomita oposa 350 kuchokera kuno, ndipo mayiko ena amakasindikizira mapasipoti kwawo, choncho yambani msanga. Ngati munasintha pasipoti pempho lanu lili kale m'kati, mutenge zonse ziwiri, yakale ndi yatsopano, chifukwa fayilo yanu ili ndi nambala ya yakaleyo. Musataye pasipoti yakale ngakhale itabooledwa: m'menemo ndi momwe muli umboni wa zaka zonse zimene mwakhala kuno movomerezeka.

4. Yerekezani mayina ndi masiku obadwa pa zikalata zonse, chilembo ndi chilembo.

Pano ndikhalitsapo, chifukwa maulendo ambiri obwezedwa amene ndawaona anachokera pa chilembo chimodzi. Yalani pa tebulo pasipoti, kalata yokuvomerezani, chilolezo chakale, setifiketi ya ukwati, chiphaso cha unzika cha mwamuna kapena mkazi wanu ngati ndi Mmalawi, ndi zikalata za kubadwa kwa ana. Werengani dzina lililonse mokweza, wina akutsatira ndi chala pa chikalata chinacho.

Kuno kumpoto zosiyana zimabwera m'njira zodziwika. Mayi amene aliyense amamutcha NyaGondwe akhoza kulembedwa choncho m'buku la ukwati la kumpingo, pamene chiphaso chake cha unzika chimangoti Gondwe. Dzina limodzi lomwelo limalembedwa Nyirenda pena, Nyilenda pena; Kayira pena, Kaira pena; Mhango pena, Muhango pena. Mlembi wa mpingo amene analemba setifiketi zaka makumi awiri zapitazo analemba mmene anamvera, ndipo panthawiyo palibe amene zinamuvuta. Abale athu a ku Tanzania kawirikawiri amakhala ndi mayina atatu, lawo, la bambo awo ndi la banja, ndipo kuno anthu amangotengapo awiri, nthawi zina n'kusandutsa la pakati kukhala la banja. Mkazi amene anayamba kugwiritsa ntchito dzina la mwamuna wake koma pasipoti yake idakali ndi la makolo nayenso amakhala ndi zikalata zosagwirizana. Masiku obadwa nawonso amasokoneza: anthu a ku America amayamba ndi mwezi polemba tsiku, moti 03/04 kwa iwo ndi 4 Malichi pamene kwa ife ndi 3 Epulo.

Lamulo losavuta ndi lakuti pasipoti ndiyo mwini nkhani. Chilolezo chidzalembedwa motsatira pasipoti, ndipo zina zonse ziyenera kugwirizana nayo. Ngati cholakwika chili pa kalata yokuvomerezani, chinenereni ku ofesi musanalipire, kuti chikonzedwe m'fayilo chisanasamukire pa chilolezo. Ngati chili pa setifiketi ya ukwati kapena ya kubadwa, bwererani kumene inalembedwa mukapemphe kuti akonze kapena akupatseni kalata yotsimikizira, ndipo mukalumbire pamaso pa majisitireti kapena loya kuti mayina awiriwo ndi a munthu mmodzi. Chikalata cholumbiracho ndicho chimene mudzamve akuchitcha afidaviti. Musayese kukonza nokha ndi cholembera kapena kufufuta ndi utoto woyera uja wa mu ofesi, ngakhale cholakwikacho chikhale choonekeratu, chifukwa chikalata chofufutidwa chimakayikitsa kuposa cholakwika.

Pa za ukwati ndiwonjezere chimodzi. Lamulo la maukwati la 2015 limavomereza ukwati wa kwa DC, wa kumpingo kapena kumzikiti, ndi wa chikhalidwe. Koma kuti ankhoswe anakumana ndipo malowolo anaperekedwa mudzi wonse ukuona, ofesala sangazione m'fayilo. Ngati PRP yanu yaima pa ukwati, mukhale ndi setifiketi yeniyeni m'manja.

5. Konzani envelopu imodzi ya zikalata zenizeni, ina ya makope.

Mutenge zenizeni za chilichonse chimene munapereka popempha, pamodzi ndi kalata yokuvomerezani, malisiti a zimene munalipira kale ndi zithunzi zatsopano za saizi ya pasipoti. Makope akhale awiriawiri, ndipo a zikalata zikuluzikulu akadindidwe ndi majisitireti kapena loya kuti ndi ofanana ndi zenizeni. Pangani fotokope dzulo lake, osadalira kuti mukapanga pafupi ndi ofesi, chifukwa magetsi akazima m'mawa umenewo mudzazungulira tauni yonse malo anu pa mzere akupita. Zonse muziike mu pulasitiki. Mvula ya ku Mzuzu siilemekeza kalendala, ndipo pa kabaza envelopu ya khaki imanyowa musanafike ndi pa depoti pomwe.

6. Lipirani m'njira imene ofesi yanena, ndipo mutuluke ndi lisiti ya boma.

Mtengo wa zilolezo umasintha, choncho musatengere zimene analipira mnzanu zaka zapitazo. Tsatirani zimene zili pa kalata yanu kapena pa chikwangwani cha mu ofesi. Ngati mtengowo uli m'madola, funsani ngati akufuna madola enieni kapena makwacha, ndipo mukambirane ndi banki yanu pasadakhale, poti ndalama zakunja sizipezeka tsiku lomwelo. Mukalipira mulandire lisiti ya boma, imene anthu amaitcha GR, yokhala ndi dzina lanu monga lilili pa pasipoti, ndalama zonse zimene mwapereka ndi chimene mwalipirira. Ijambuleni ndi foni musanaipereke kwa aliyense.

Panja pa maofesi ngati amenewa simulephera kukumana ndi madobadoba, anyamata aja amene amakulonjerani mwaulemu, n'kukuuzani kuti amadziwana ndi bwana wa m'kati ndipo angakufulumizitsireni zinthu mukawapatsa ya fanta. Iwo sagwira ntchito m'boma. Kwa munthu amene wavomerezedwa kale, palibe chimene dobadoba angakugulitseni chimene mulibe. Chimene angachite ndi kuchoka ndi pasipoti yanu kupita kumene simukuona, n'kubwera ndi chidindo chimene simungadziwe ngati chili m'kaundula wa boma, ndipo chikadzapezeka chabodza pa chipata mlandu ndi wa mwini pasipoti. Wina aliyense akakupemphani ndalama yopanda lisiti, kanani mwaulemu. Bungwe lolimbana ndi ziphuphu la ACB lili ndi ofesi muno mu Mzuzu.

7. Sankhani tsiku mwanzeru.

Lachiwiri, Lachitatu kapena Lachinayi m'mawa ndi bwino kuposa Lolemba kapena Lachisanu masana. Fikani ofesi ikamatsegulidwa kuti zolipira ndi zosainira zithe nkhomaliro isanakwane. Pewani tsiku loyandikana ndi tchuthi monga 3 Malichi, 14 Meyi kapena 6 Julayi. Ochokera ku Karonga ndi ku Chitipa, mugone mu Mzuzu dzulo lake, chifukwa galimoto imodzi ikafa pa Chiweta tsiku lonse lapita, ndipo a ku Likoma muwerengere masiku a sitima kuti musakakamizike kubwerera zinthu zili pakati. Mukonzekere ndalama ya malo ogona usiku wina, popeza makina akhoza kuvuta kapena wosainira akhoza kukhala atatuluka. M'miyezi ya Juni ndi Julayi muvale juzi. Mudzaima panja m'mawa.

8. Pitani inu eni ake, ndipo mulowe pa khomo loyenera.

Musatume dalaivala kapena mlembi wa ku ntchito, chifukwa ofesala amafuna kuona nkhope ya mwini pasipoti. Ngati pempho lanu linaima pa ukwati, mwamuna kapena mkazi wanu apite nawo ndi chiphaso chake, ndipo ngati ana atchulidwa m'kalata, mutenge mapasipoti awo ndipo mufunsiretu ngati akufunika kuonekera. Khamu lalikulu limene mudzalipeze pakhomo ndi la Amalawi ofuna mapasipoti, ambiri mwa iwo achinyamata okonzekera ulendo wa ku Joni. Mzere umenewo si wanu. Funsani ofesala wovala yunifolomu, osati munthu wongoima pageti, kuti gawo la zilolezo za alendo lili kuti.

Valani ngati mukupita ku banki kukapempha ngongole. Perekani moni musanayambe nkhani, m'Chichewa kapena m'Chitumbuka mmene mungathere, ndipo "bwana" kapena "madamu" n'zokwanira. Kenako perekani kalata ndi pasipoti, mutchule nambala ya fayilo. Mukafunsidwa kumene mukukhala, ntchito imene mukugwira kapena za banja lanu, yankhani zoona ndiponso zofanana ndi zimene munalemba popempha. Ngati china chasintha kuyambira nthawi imeneyo, monga kusamuka ku Chibavi kupita ku Katoto, kubadwa kwa mwana, kapena imfa ya amene munakwatirana naye, chinenereni nokha. Mafomu ali m'Chingerezi. Ngati mawu ena sakumveka, funsani musanasaine. Akakuuzani kuti musiye pasipoti, pemphani kapepala kosonyeza kuti ili m'manja mwawo ndi tsiku lodzaitenga, ndipo muziyenda ndi kope yake yodindidwa.

9. Musachoke pa kauntala musanawerenge chimene mwalandira.

Kaya mwapatsidwa chikalata chapadera, kaya chidindo m'pasipoti, kaya zonse ziwiri, imani pambali pomwepo muwerenge dzina, tsiku lobadwa, dziko lanu, nambala ya pasipoti, mtundu wa chilolezo, siginecha ndi tsiku la chidindo. Cholakwika chimene mwachiona muli pomwepo chimakonzedwa ndi munthu amene wachilemba, fayilo idakali pa desiki. Chimene mwachionera kunyumba ku Rumphi chimafuna kalata, ulendo wina ndi kufufuzanso fayilo.

Ndipo poti muli pamaso pa munthu woyenera, funsani mafunso atatu awa, mulembe mayankho. Loyamba: kodi chilolezochi chikundilola kulembedwa ntchito kapena kuchita malonda, kapena chili ndi malire? Amene anavomerezedwa chifukwa ali ndi ndalama zodzisamalira okha, monga opuma pa ntchito, asaganize kuti zawo ndi zofanana ndi za amene anakwatira Mmalawi. Lachiwiri: kodi ndingakhale kunja kwa dziko nthawi yaitali bwanji chilolezochi osatha mphamvu? Mawu akuti mpaka kalekale amanyenga; chilolezochi ndi cha munthu amene akukhaladi m'Malawi, ndipo amene akuganiza zokaphunzira kunja kapena kukadwazika kholo kwawo kwa nthawi yaitali ayenera kudziwa malirewo asananyamuke. Lachitatu: pasipoti iyi ikadzatha, ndidzachite chiyani kuti chilolezo chisamukire mu yatsopano? Ngati pali ana, funsaninso zimene zidzachitike akadzakula, chifukwa mwana amene analembedwa pansi pa kholo sakhala pansi pa kholo moyo wake wonse.

10. Sabata yomweyo, malizani zotsatira zake.

Pangani makope odindidwa a chilolezo ndi a GR, ena muwasunge kwa munthu wina kunja kwa nyumba yanu. Kenako pitani ku ofesi ya NRB, bungwe lija linalemba Amalawi m'kaundula mu 2017, chifukwa lamulo la kalembera limakhudzanso alendo okhazikika a zaka 16 kupita m'tsogolo, ndipo iwo amalandira chiphaso chawochawo chosiyana ndi cha nzika. Kadziwitseni banki yanu, olemba ntchito anu ndi kampani ya foni imene munalembetsako nambala, kuti achotse chilolezo chakale m'mabuku awo. Akaunti imatha kutsekedwa mwadzidzidzi kompyuta ikaona kuti chikalata chimene munaperekako chinatha.

PRP siikusandutsani nzika. Pasipoti yanu ndi ya dziko lanu lomwe lija, ndipo pa nkhani ya malo, malamulo a 2016 ndi kusintha kwake kwa 2022 amasiyanitsa nzika ndi amene si nzika, choncho musapereke ndalama ya puloti ku Luwinga kapena kwina kulikonse musanaonane ndi loya. Amene mukufuna unzika, limenelo ndi pempho lina pansi pa lamulo la unzika la 1966, limene Nyumba ya Malamulo inalisintha kumapeto kwa 2018 kuti munthu athe kukhala nzika ya mayiko awiri. Musanalowe m'njira imeneyo, funsani kaye ku ofesi ya kazembe wa dziko lanu ngati malamulo a kwanu amalola zimenezo, chifukwa mayiko ena, kuphatikizapo Tanzania, salola munthu wamkulu kukhala ndi unzika wa mayiko awiri.